Kodi Mphamvu za China Zachokera Kuti?

Funso: Akonzi, masiku ano nkhani za chitukuko sizitha osatchula dziko la China. Kodi dzikoli linapeza bwanji mphamvu zotere, nanga limafunanji kwa mayiko osauka? Ndine wowerenga wanu wa ku Kasungu.

Yankho: Gwero lake ndi chaka cha 1978, pamene Deng Xiaoping, mtsogoleri wa China pa nthawiyo, anayamba kulola malonda a anthu wamba ndi makampani akunja. Dzikoli litalowa m'bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko la World Trade Organization mu 2001, katundu wake wotsika mtengo anadzaza misika ya padziko lonse, mwakuti pofika 2010 linali litaposa Japan n'kukhala lachiwiri kwa America pa kukula kwa chuma.

Chumacho ndicho chabala chikoka. Kuyambira 2013, kudzera mu ndondomeko ya Belt and Road imene anakhazikitsa mtsogoleri wa dzikolo Xi Jinping, China yakhala ikubwereketsa mayiko ena ndalama zomangira misewu, njanji ndi madoko, ndipo mu 2023 inayanjanitsa Iran ndi Saudi Arabia mumzinda wa Beijing.

Chimene imafuna ndi miyala ya m'migodi, misika ndi mavoti ku United Nations, koma nkhani imene sinyengerera nayo ndi ya Taiwan, chilumba chodzilamulira chokha chimene China imati ndi gawo lake. Boma la Bingu wa Mutharika litasiya Taiwan n'kupanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, tinaona Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga-Chitipa zikumangidwa ndi thandizo la China. Lero mu Africa muno ndi Eswatini yokha imene idakali paubale ndi Taiwan. Komabe musaganize kuti zonse ndi mphatso, pakuti bwalo la masewero la Bingu linamangidwa ndi ngongole.