Charley Patton ankaimba zimene zinkagwera alimi anzake

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji anthu amamutama Charley Patton, woimba nyimbo za blues wa ku America, pamene nyimbo zake zimangomveka phokoso, komanso kuti ankaimba za chiyani. Phokosolo si vuto lake. Kampani ya Paramount, imene inajambula nyimbo zake koyamba mu June 1929 ku Richmond, Indiana, inkapanga mbale za galamafoni ndi zipangizo zotchipa, ndipo itagwa, zojambula zoyambirira zambiri zinatayika. Zimene timamva lero anazikopera ku mbale zakale zokalikakalika. Mupirire nazo, khutu limazolowera.

Patton anakulira pa esiteti ya thonje ya Dockery ku Mississippi, kudera lotchedwa Delta. Anthu akuda ambiri kumeneko ankalima pamalo a eni esiteti, kutenga chakudya ndi zipangizo pangongole, n'kudzagawana zokolola pamapeto pa chaka. Amene mukudziwa moyo wa matenanti pa maesiteti a fodya mwamva kale kuti wolima ankatsala ndi chiyani. Koma Patton, gitala ndi imene inamupulumutsa ku khasu: ankaimba m'maphwando a Loweruka usiku, mawu ake okhakhala akumveka patali popanda chokuzira mawu.

Chimene ndimamukondera n'chakuti sankaimba zongopeka. "Mississippi Boweavil Blues" imanena za kachilombo koboola thonje kamene kanachokera ku Mexico n'kusaukitsa alimi m'madera akummwera kwa America. "Dry Well Blues" ndi ya chilala cha 1930, zitsime zitauma m'tauni ya Lula ku Mississippi.

Koma yondikhudza kwambiri ndi "High Water Everywhere". Mu April 1927 mtsinje wa Mississippi unagumula chipupa chotchinga madzi pa Mounds Landing, kumpoto kwa Greenville, n'kumiza minda ndi midzi. Patton amatchula malo mmodzimmodzi ngati munthu wothawa amene akuyang'ana pouma: Sumner, Leland, Greenville, Rosedale, Vicksburg. Kenako akunena kuti akanapita kumtunda koma amutsekera njira. Apa pali nkhani yowawa, chifukwa ku Greenville anthu akuda ambiri sanaloledwe kuchoka. Anawasunga m'misasa pamwamba pa chipupacho n'kuwagwiritsa ntchito mokakamiza, eni minda akuopa kuti antchito awo akapita sadzabweranso. Nyimboyi ili ndi zigawo ziwiri, mbali zonse za mbale. Gawo loyamba ndi laphuma, akumenya gitala ngati ng'oma. Lachiwiri limayenda pang'onopang'ono, likunena za amuna, amayi ndi ana omira. Ine sinditha kulimvetsera ndikugwira ntchito ina.

Ankatchulanso apolisi a m'deralo ndi ndende ya ku Belzoni, ndipo mu "34 Blues" akudandaula kuti anathamangitsidwa ku Dockery. Imeneyo anaijambula ku New York kumayambiriro kwa 1934, ali kale ndi matenda a mtima. Anamwalira pa 28 April chaka chomwecho pafupi ndi Indianola, zaka zake zitangopitirira pang'ono 40. Ntchito yake yonse yojambula inangotenga zaka zisanu, koma woimba wotchuka wa blues Howlin' Wolf anaphunzira gitala kwa iyeyo, ndipo woimba wina Son House anafika ku Paramount kudzera mwa iye.

Yambani ndi "Pony Blues", imamveka bwinoko. Kenako pezani mawu olembedwa a nyimbo ya madzi osefukira ija, muziwerenga uku mukumvetsera, mapu a Mississippi ali pafupi.