Kodi Dinosaur Tizimutcha Buluzi?

Mphunzitsi wina wa sayansi wafunsa kuti: "Ophunzira anga amati dinosaur ndi 'buluzi woopsa'. Kodi ndizilemba choncho pa bolodi? Nanga mayina ngati Iguanodon ndiziwalemba m'Chichewa?"

Aphunzitsi, anawo sanalakwe kwenikweni. Dzinali analipanga ndi Richard Owen wa ku England mu 1842, polumikiza mawu awiri a Chigiriki otanthauza "woopsa" ndi "buluzi". Koma musalembe buluzi pa bolodi. Mwana akamva buluzi amaona kanyama kothamanga pakhoma, miyendo ili tambalale cham'mbali, mimba ikukhudza pansi. Koma dinosaur, nyama yakalekale, miyendo yake inkaima molunjika pansi pa thupi, ndipo achibale ake amene alipo lero ndi mbalame ndi ng'ona. Ine ndimalemba dayinoso, ndipo dzinali ndimaliika m'gulu la mayina ngati galu ndi buluzi yemweyo: dayinoso uyu, adayinoso awa. "Madayinoso" mumamumva, koma chilombo chamoyo chimakoma ndi "a".

Mayina a sayansi musawakhudze. Megalosaurus, amene William Buckland anamutcha dzina mu 1824, akhale choncho. Iguanodon nayenso. Dokotala Gideon Mantell ndiye anapereka dzinali mu 1825 ataona kuti mano amene anapezeka ku Sussex, m'dziko la England, akufanana ndi a iguana, buluzi wamkulu wa ku America. Mantell anali ndi mafupa ochepa a nyamayi, moti fupa lina losongoka analiika pamphuno ngati nyanga. Mafupa athunthu atapezeka mumgodi wa malasha ku Bernissart, m'dziko la Belgium, mu 1878, zinadziwika kuti chinali chala chachikulu chakudzanja. Dzina silinasinthe ngakhale chithunzi cha nyamayo chinasintha, ndipo mwana wolemba "Igwanodoni" adzavutika kulipeza m'buku lililonse. Ngakhale Malawisaurus wathu wa ku Karonga timamulemba momwemo.

Pa zomera samalani ndi mawu oti "mafupa osanduka mwala", poti tsamba lilibe fupa. Glossopteris, chomera chimene Adolphe Brongniart wa ku France anachitcha dzina mu 1828 chifukwa masamba ake ali ngati lilime, nthawi zambiri chimapezeka chitadindika pamwala. Nenani kuti "tsamba lodindika pamwala", kapena "mtengo wosanduka mwala" ngati ndi thunthu.