Mphatso za oyankhula pa msonkhano wa ku Mzuzu

Mayi, mwafunsa kuti alendo odzayankhula pa msonkhano wanu kuno ku Mzuzu, ena ochokera kunja, muwapatse chiyani choti chiziwakumbutsa Malawi, ndipo mwati ena mu komiti akufuna zagalasi zija zolembedwa dzina. Ine ndikuti galasilo lisiyeni. Nthawi zambiri limachokera kunja, ndipo munthu woyendayenda m'misonkhano ali nazo kale mulu. Mupatseni chinthu chopangidwa kuno ku Mpoto, ndipo adziwe kumene chachokera ndi amene wachipanga.

Kwa ine choyamba ndi khofi. Mzuzu Coffee ndi mgwirizano wa alimi ang'onoang'ono amene amalima khofi wa Arabica ku mapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi, ku Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay. Paketi yake ndi yopepuka, siisweka, ndipo ndalama yanu ikukafika kwa mlimi. Amene samwa khofi apatseni tiyi wa Chombe. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga muwasungire oyankhula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adzasangalala nawo kwambiri, koma wokwera ndege umulemera. Uchi nawo muuganizire bwino: m'mabwalo ambiri a ndege salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja, ndipo maiko ngati Australia ndi New Zealand amakhwimitsa kwambiri pa zakudya ndi zamitengo.

Khofi amatha, ndiye pafunikanso chokhalitsa. Apa ndi pamene ziboliboli zimabwera, ndipo ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timathamangira njovu ndi nyamalikiti, zimene mlendo angazipezenso ku Nairobi kapena ku Lusaka. Uzani wosema akusemereni chakwathu: kabwato ka ku nyanja ndi nkhafi yake, chambo, bawo laling'ono lopinda, kapena kampando ka mfumu ka matabwa awiri olowetsana kaja, kamene kamagona bwino m'sutikesi. Osema alipo m'tauni muno ndi m'mbali mwa msewu wa ku Nkhata Bay. Muwafunse kuti ndi mtengo wanji. Zina zakuda bii zija si phingo ayi, ndi mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato. Phingo weniweni nayenso ndi wotetezedwa pa malonda a pakati pa maiko, moti mlendo atha kuvutika naye pa bwalo la ndege. Mabokosi a mkungudza wa ku Mulanje musagule n'komwe. Ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo watsala pang'ono kutheratu pa phiripo chifukwa cha kudula. Ndi zamanyazi kuti pa msonkhano wa anthu ophunzira tigawe chinthu chimene tikulirira kuti chikutha. Za minyanga ya njovu sindinena zambiri, umenewo ndi mlandu.

Pali zina zimene si zopereka ngati mphatso ngakhale zili zachikhalidwe. Chigoba cha Gule Wamkulu chili ndi eni ake, chimodzimodzi zipangizo za Vimbuza, chifukwa Vimbuza ndi gule wa machiritso, si masewera. Zonse ziwirizi bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, la UNESCO, linazilengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Ngati mukufuna mlendo azidziwe, chithunzi chojambulidwa ndi waluso wa kuno chikwanira, kapena cha ovina Malipenga a ku Nkhata Bay.

Chitenje chokulungira ndi chabwino, koma yang'anani m'mphepete mwake, chifukwa zambiri za mumsika n'zochokera kunja. Kabasiketi koluka kamagwiranso ntchito yomweyo.

Chimene ndikuchondererani kwambiri ndi kakhadi. Mizere inayi yokha: chinthuchi n'chiyani, chachokera boma liti, wapanga ndani ngati iye wavomera kutchulidwa, ndi dzina la msonkhano ndi tsiku lake. Popanda kakhadiko bawo lija likangokhala thabwa la maenje pa shelefu. Likakhala nako, mlendo adzafotokozera ana ake ndi anzake a kuntchito.

Wosemayo mumuuze kudakali mwezi kapena kuposerapo, mumupatse ndalama yoyambira, ndipo ayambe wapanga chimodzi muchione asanapange zonse. Mtengo wauwisi wosemedwa mofulumira umang'aluka ukauma, makamaka ukafika m'nyumba zotenthetsedwa za ku maiko ozizira.