Bwanji ana a ku Bakassi sakungotenga unzika wa Cameroon?

Mayi wina wa ku Karonga wanditumizira imelo. Akuti anamva za achinyamata a ku Bakassi omwe akuchoka kwawo kukafuna dziko loti liwavomere. Funso lawo ndi ili: "Poti khothi linagamula kale, bwanji osangokhala nzika za Cameroon n'kumapitiriza kuwedza?"

Mayi, chikhala kuti n'chapafupi chonchi, bwenzi ambiri atatero kalekale.

Bakassi ndi dera la madambo ndi timitsinje m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamalire a Nigeria ndi Cameroon. Nsomba ndi mbwee, pansi pa madzi palinso mafuta. Ambiri okhala kumeneko ndi asodzi, makamaka a mtundu wa Efik, ndipo abale awo, misika yawo ndi chilankhulo chawo zili ku Calabar, mbali ya Nigeria. Mu 2002 khothi la dziko lonse ku The Hague linapereka derali kwa Cameroon, potsamira kwambiri pangano la 1913 la Britain ndi Germany. Inu a ku Karonga mapangano a atsamunda awiriwa si achilendo: la 1890 ndi lomwe timaliloza tikamakangana ndi Tanzania za Nyanja ya Malawi.

Olusegun Obasanjo ndi Paul Biya, atsogoleri a Nigeria ndi Cameroon panthawiyo, anasainirana pangano la Greentree mu 2006, Nigeria n'kutulukamo kotheratu mu 2008. Panganolo linalonjeza kuti otsala sathamangitsidwa, ndipo sakakamizidwa kusintha unzika. Nyengo yapadera yowateteza inatha mu 2013. Kuchokera pamenepo, msodzi wosunga unzika wa Nigeria ndi mlendo pagombe lomwe agogo ake ankawambapo nsomba, ayenera kukhala ndi chilolezo chokhalira pamudzi pake pomwe.

Tsono poti mukuti angosintha. Malamulo a Cameroon salola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndiye akalowa uku, wataya uko. Komanso pa ofesi iliyonse, ya ku Cameroon kaya ya ku Nigeria, choyamba kufunsidwa ndi kalata yakubadwa. Mwana wobadwira m'msasa wa asodzi, kofika ndi bwato lokha, anamulemba ndani m'kaundula? Popanda kalatayo, chiphaso sichituluka, mayeso a boma amavuta, akaunti ya ku banki osanena.

Omwe anasamukira ku Nigeria anawaika cha ku Ikang ndi Akpabuyo, ena kugona m'makalasi a sukulu, kutali ndi malo awo owedzera. Otsala nawo mtendere unawathera pamene chigawo cholankhula Chingerezi cha Cameroon, momwe muli Bakassi, chinalowa m'chipwirikiti kuyambira 2016.

N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi onena kuti anawa asokonezeka, sakudzidziwa. Mnyamata wobadwa chaka cha chigamulocho amadziwa bwino mtundu wake ndi dzina la mudzi wake. Akakwera bwato kupita ku Calabar kapena kupitirira mpaka Lagos, akukasaka wachibale woti amuikire umboni kwa akuluakulu a boma kuti ndi wawo, alembedwe, apeze ntchito.