Kodi edelweiss lingamere ku Harare kuno?

Achemwali, mwafunsa ngati njere za edelweiss zomwe mwana wanu wabwera nazo kuchokera ku Austria zingamere pakhomo panu ku Mufakose. Kumera zimera. Nkhani yagona pa kupulumuka dzinja lathu. Ine ndakalambira m'magadeni a ku Avondale, ndiye ndiyankhe monga wogwira khasu.

Kwawo kwa duwali ndi kumapiri a Alps, Pyrenees ndi Carpathians, pamtunda wa mamita 1,800 mpaka kupitirira 3,000. Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500 basi. Kuti mufike pomwe ilo limasangalala mukwere Nyangani, wa mamita 2,592, kapena Sapitwa kwathu ku Mulanje, wa mamita 3,002. Kwawoko ku Ulaya limamera m'ming'alu ya miyala ya laimu, panthaka yosauka yomwe madzi sakhalitsa. Miyezi yozizira limagona pansi pa chipale chofewa, mizu ili moyo, n'kuphukanso chaka ndi chaka. Maluwa amaoneka kuyambira Julayi mpaka Sepitembala.

Chimene ambiri amachitcha duwa, kanyenyezi koyera kaja, si duwa ayi. Ndi masamba okutidwa ndi ubweya. Maluwa enieni ndi timitu tachikasu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi tounjikana pakati, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti ndi mbale wake wa mpendadzuwa. Ubweyawo ndiwo bulangete lake: umaliteteza ku chisanu, umasunga chinyontho mphepo ikamaomba, komanso umatchinga cheza choopsa cha dzuwa lakumapiri. Mungu wake umanyamulidwa kwambiri ndi ntchentche zosiyanasiyana. Kuthengo ndi kachitsamba kakafupi, sikapitirira masentimita 20.

Tsono chenjezo langa ndi ili: musalikomere mtima. Ife tinazolowera kuti mbewu ikafooka, thirani manyowa, thirirani m'mawa ndi madzulo. Edelweiss mukalitero limatalika mopusa, ubweya uja umachepa, n'kusanduka lobiriwira ngati udzu wamba. Likakhala m'katondo wathu wofiirayu mvula ya Januwale ikugwa sabata yonse, mizu imavunda.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndaika njerezo mufiriji masabata atatu kapena anayi, zili mumchenga wonyowa pang'ono, kuti ziyese zadutsa m'chisanu. Kenako fesani mu Epulo kapena Meyi, mumphika wobowola bwino pansi, wodzaza mchenga wakumtsinje, timiyala ndi dothi pang'ono, kuwazako laimu. Njere musakwirire, zimafuna kuwala. Likhale pa dzuwa la m'mawa, ndipo Okutobala akapsa kapena mvula ikayamba, mphikawo ulowe pakhonde. Ngakhale mutero, ine sindingalumbire kuti lidutsa zaka ziwiri.

Mwana wanu anachita bwino kugula njere za m'paketi, chifukwa kuzula lakuthengo kunaletsedwa kalekale. Anthu ankalithyola mopanda chisoni, mpaka dera la Obwalden ku Switzerland linaletsa kulikumba mu 1878. Ku Austria amalinyadira moti lili pa kandalama kawo ka masenti awiri.

Likakanika musadandaule kwambiri. Mukadzapita ku Nyanga, kapena ku Nyika mukapita kumudzi, yang'anani m'udzu wa pamwamba pa phiri timaluwa touma ngati pepala, tamasamba otuwa aubweya, totchedwa Helichrysum. Ndi banja limodzi ndi edelweiss, ndipo bulangete lake ndi lomwelo.