Akusowa ana, koma sakutenga aliyense

Namwino wina wa ku Area 25 watilembera imelo kufunsa kuti: "Ndamva kuti mayiko olemera akulimbirana anthu chifukwa kumeneko sakubereka. Kodi n'zoona? Nanga ine ndiyambire pati?"

Mayi, n'zoona. Kuti chiwerengero cha anthu m'dziko chisatsike, pamafunika ana 2.1 pa mayi aliyense. Mu 2023 ku South Korea anali 0.72, ku Japan 1.2, pomwe kuno kafukufuku wa 2015-16 anapeza 4.4. Kumeneko okalamba achuluka, owasamala ndi okhoma msonkho achepa.

Komatu chomwe akulimbirana ndi luso lokhala ndi mapepala ovomerezeka, komanso chilankhulo. Apa m'pamene ambiri amagwera.

Germany inatsegula Chancenkarte, chilolezo chokasakira ntchito m'dzikolo, mu June 2024. Mukakwanitsa mapointi 6, owerengedwa pa maphunziro, msinkhu, chilankhulo ndi zaka zomwe mwagwira ntchito, mumaloledwa kukakhala chaka mukusaka ntchito, uku mukugwira ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata. Ndalama zodzisamalira muyenera kuzionetsa musananyamuke. Koma unamwino simungaugwire mpaka dipuloma yanu ivomerezedwe, ndipo kawirikawiri amafuna Chijeremani cha mulingo wa B2, wolankhula ndi kumva bwinobwino. Chimenechi si chophunzira miyezi itatu. Japan nayo, kuyambira 2019, imatenga osamalira okalamba omwe akhoza mayeso a Chijapani a mulingo wa N4 ndi mayeso a ntchitoyo.

Za ku UK mumvetsetse bwino. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, choncho zipatala za kumeneko siziloledwa kubwera kudzasaka anamwino kuno. Mndandandawu uli ndi chifukwa chake. Aliyense amene wagonekapo wodwala m'wodi mwathu akudziwa kuchepa kwa anamwino. Inu nokha mukhoza kufunsira ntchito mwachindunji, mutakhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenako mayeso a unamwino a CBT ndi OSCE. Khomo la visa ya care worker (wosamalira okalamba ndi odwala) kwa ochokera kunja linatsekedwa mu July 2025, ndiye ejenti amene akukulonjezani visa imeneyo akufuna kukudyerani ndalama.

Yambani ndi chilankhulo, ndipo onetsetsani kuti kalembera wanu ku Nurses and Midwives Council of Malawi ndi wapano, chifukwa akunja adzafunsa kumeneko. Ntchito musaigule. Kontirakiti muiwerenge muli kuno ku Lilongwe, ndipo pasipoti musapereke kwa bwana: amayi athu omwe anavutika ku Oman ambiri anakanika kubwerera chifukwa mapasipoti awo anali atalandidwa.