Chigayo chikumwa dizilo ngati madzi

Funso: Ndine mlimi wa ku Dowa, ndili ndi chigayo cha dizilo chimene ndinagula zaka 2 zapitazo ndipo sindinachitsegulepo. Chiyambireni kukolola, dizilo amene ankandifikitsa madzulo akumatha masana, ufa ukutuluka wotentha, sefa ikungotsekeka. Kodi injini yatha?

Yankho: Bambo, zaka ziwiri osachitsegula, lero mlandu mukuupereka kwa injini? Injini ilibe vuto. Ndikutsimikiza kuti mukugaya chimanga chosauma ndi mahamala obuntha.

Chigayo sichipera ngati mphero. Mahamala amazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi n'kumenya njere ili m'malere. Njere youma, ikamenyedwa kamodzi, mng'alu umathamanga mkati mwake n'kuimwaza. Yachinyezi imangophwatalala ngati chingamu, imazungulira m'menemo ikumenyedwa kambirimbiri, kenako n'kumata mabowo a sefa. Ngakhale pa chigayo chabwino, mphamvu imene imaswadi njere ndi yochepa kwambiri. Yambiri imathera m'kutentha ndi phokoso. Ufa wotenthawo ndiye dizilo wanu.

Chaka chilichonse mu Epulo ndi Meyi ndimamva dandaulo lomweli. Chaka china ndinapeza mwini chigayo atagula kale mapisitoni atsopano, koma nditapisa dzanja m'thumba la kasitomala, njere inalowa chikhadabo. Ndalama zinapita pachabe.

Ndiye musamangolandira chilichonse. Lumani njere: youma imalira kuti "khwa". Mukakayika, thirani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chinyezi chapitirira 15 peresenti, pomwe chofunika ndi 13 kapena kutsikirapo. Eni chimanga chachinyezicho abwezeni akayanike pamphasa masiku awiri kapena atatu. Adzanyinyirika, koma dzuwa salipira. Kwa ine mankhwala aakulu ndi amenewa.

Kenako zimitsani injini mutsegule chigayo. Hamala iliyonse ili ndi ngodya 4. Yakutsogolo ikakhala yobulungira, tembenuzani onse nthawi imodzi, aliyense abwerere pamalo pake, apo ayi chigayo chidzanjenjemera n'kudya mabering'i. 

Za sefa, injiniya wa ku Austria, Rittinger, ananena kale mu 1867 kuti ukafuna kuswa chinthu mosalala kwambiri, mphamvu yofunika imakweranso. Sefa ya mabowo ang'onoang'ono isungireni ufa wa nsima. Chimanga cha nkhuku ndi nkhumba gayirani ya mabowo aakulu. Lamba nayenso mumuone, ngati walendewera mumukoke.